Ahedi Asamuka

Lachisanu madzulo. Kunja kukuzizira, koma mtima wanga wapepuka.

Ahedi a pasukulu pathu, a Kalilombe, asamutsidwa. Lole inabwera masana kudzatenga katundu wawo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu, pamsonkhano wa aphunzitsi ankayankhula okha, ife n'kumaomba m'manja.

Chondivuta n'chakuti palibe ankatikakamiza kuomba. Tsiku limene anathamangitsa mphunzitsi mnzathu, a Mbewe, chifukwa chongofunsa za mayeso, ine ndinayang'ana pansi, kuthokoza kuti si ine. M'mawa mwake ndinawapatsa ahediwo dengu la kachewere.

Potsanzikana lero anandiitanira kuseri kwa lole. "Mayi Nkhoma, ndiuzeni zoona. Ndikatuluka, anzanu ankanena zotani za ine?" Anayang'ana uku ndi uku kuti ena asamve. Kani munthu amene tinkamuopa tonse ankaopanso ife! Ndinawanamiza komaliza: "Ankakuyamikirani, bwana."

Lole italowera njira ya ku Lobi, mayi Chisale, ophunzitsa sitandade 2, anayamba kulira. "Anali ankhanza, inde, koma sukulu inkayenda. Nanga tsopano azitiuza zochita ndani?" Sindinawaseke, chifukwa nanenso ndinkadzifunsa zomwezo.

Tinakakhala mu ofesi, n'kumacheza mokweza, chitseko chili pululu. Njinga yamoto italira panja, tonse tinangoti zii, poyesa kuti ahedi abwerera. Anali wogulitsa tomato. Tinaseka mpaka misozi.

Ahedi atsopano afika Lolemba. Akadzalakwitsa koyamba, kaya ndidzatsegula pakamwa, kaya...