Chitenje cha kumgodi

Lachinayi, 24 Novembala 2011
Kutentha. Magetsi athima kawiri, waya wathu wobera wapsanso. Masiketi a eni ake osatha.

A MaNgcobo, eni yadi, abwera ndi nsalu yoyera. Akufuna chinsalu chachikulu choti gulu lawo la kuno ku Cato Manor likanyamule pa zionetsero sabata yamawa. Mayiko akudzakumana m'tauni kukambirana za kusintha kwa nyengo. Nsaluyo yopyapyala. Ndawauza pamaso kuti ichi n'chosefera mowa. Aseka, amvekere, "Pakamwa pakopo, mwana wa ku Giyani."

Giyani. Kwa Ashangani a dziko lomwe lino, kumene sindinapondeko n'komwe. Koma wa ku Giyani akalankhula Chizulu chokhota palibe amafunsa. Pamene ndinali wa ku Balaka, 2008, nthawi yothamangitsa obwera ija, anandiwotchera makina osokera ndi chipinda chomwe. Pa yadi pano palibe akudziwa kuti kwathu ndi ku Malawi, ndipo zikhale choncho.

Lolemba, 28 Novembala
Mvula yadzulo yagwetsa nyumba kumunsi. Matope mpaka pakhomo.

Akangana masana onse za mawu olemba pachinsalu. Shirley, mtsikana wa ku yunivesite amene amawathandiza, akufuna mawu okana malasha. A MaNgcobo akufuna mawu opempha magetsi. Shirley akuti magetsi a malasha ndiwo akubweretsa mvula yotere. A MaNgcobo akuti mdzukulu wawo anapsa ndi kandulo, osati ndi mvula. Andifunsa maganizo. Ndati malasha kaya dzuwa kaya ndowe, ine makina ayende. Shirley wandiyang'ana ngati ndataya zinyalala m'tchalitchi.

Agwirizana zolemba zonse ziwiri, m'Chingerezi ndi m'Chizulu. Ntchito yanga yachuluka, mtengo womwe uja.

Lachitatu, 30 Novembala
Zilembo zatha. Koma chinsalu chotere mphepo ya kunyanja iching'amba asanafike pakona. Telala weniweni amaphatikiza ina kumbuyo. Yogulira palibe.

Pansi pa bedi pali zitenje zimene mnzanga Lughano anandisiyira pokwera basi yobwerera ku Malawi. Anabwera nazo kudzagulitsa, sizinayende. Za chikondwerero cha mgodi wina wa malasha wa kwawo kumpoto. Kwathu chilichonse chitenje: chipani, mpingo, feteleza, mgodi. Timavala osawerenga. Ndaziphatikiza, mbali yolembedwa yayang'ana mkati. Kunja kukungooneka kubiriwira. A MaNgcobo agwira, akoka, akuti chalimba.

Loweruka, 3 Disembala
Sindinkafuna kupita. Andikoka kuti ndikagwire ndodo imodzi.

Anthu osaneneka. Ng'oma, apolisi, azungu opaka utoto kumaso. Patsogolo pathu gulu la amayi alimi ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ena ndi zitenje zomanga mwakwathu. Ndinazyolika, osawayang'ana.

Mitambo itachoka dzuwa linatiwomba kumsana. Nsalu yoyera ija inasanduka galasi. Pansi pa mawu a Shirley panatuluka ena, mobwerezabwereza: MALASHA NDI CHITUKUKO. Ndi mapu a Malawi. Ndi chipewa cha m'mgodi.

Azulu sanamve kanthu. Amayi aja anacheuka n'kuwerenga. Phwete. Mmodzi wonenepa, wa duku lofiira, anakuwa kuti telala wake ndi mbuli yotheratu, wachititsa manyazi dziko lonse.

Ndinamuyankha. Ndinati mbuli ndi iye amene wakwera ndege kudzakana utsi, kwawo akuphikira makala. Ndinati abwere asoke yekha tione. Ndinanena zinanso zosalembeka. Zonse m'Chichewa, mokweza, pakati pa msewu.

Anati, "Iii, ndi wakwathu uyu."

A MaNgcobo anali pa ndodo inayo. Sanandiyang'ane. Tinayenda mpaka kumapeto chinsalu chili m'mwamba.

Lamulungu, 4 Disembala
Sindinatuluke. Zovala m'chikwama, makina ndamanga m'bulangete.

Shirley watumiza uthenga pafoni. Wina wamumasulira mawu aja. Akufunsa ngati a malasha anandilipira. Eish. Akanandilipira bwenzi ndikugona m'malata?

Anyamata awiri a pa yadi anali nafe dzulo. Wamtali anamva zonse.

Lachiwiri, 6 Disembala
Kasitomala mmodzi yekha, zipi ya thalauza. Pampopi amayi andipatsa moni wa masiku onse. Kapena wafupikirako. Sindikudziwa.

Pa wailesi akuti akuluakulu sakugwirizana, kaya ndani ayambe kuchepetsa utsi. Chakudya akudya.

A MaNgcobo adutsa pakhomo panga osaima.

Lachinayi, 8 Disembala
Abwera m'mawa ndi chinsalu chija, achiponya pabedi. Akuti ndisomole chitenjecho, nsalu yoyera adzaigwiritsanso ntchito akamapita ku khonsolo. Kenako akuti chipinda changa cha kumsewu akuchifuna. Ndisamukire mzere wakumbuyo, kuseri kwa nyumba yawo, lero lomwe.

Ndafunsa chifukwa. Akuti, "Anyamata ndawauza kuti chimene unkalalata chija n'Chishangani. Wamtali sanakhulupirire. Kumsewu kulibe geti, kumbuyo liliko."

Za Malawi sanatchule. Inenso ayi.

Kumbuyo kulibe odutsa. Makasitomala andipeza bwanji, kaya.

Lachisanu, 9 Disembala
Chipinda chaching'ono, chinyezi, fungo la ngalande. Waya ukufika, makina akuyenda.

Khomo loyandikana ndi langa ndi la mlonda wogwira ntchito ku Westville. Pa yadi amati ndi wa ku Venda, m'dziko lomwe lino. Zaka zonsezi moni wa Chizulu wokha, sawubona, yebo, basi. Madzulo ano waima pakhomo panga, njinga m'manja, maso kumsewu. Walankhula motsitsa, Chichewa chenicheni cha ku Dedza. Akuti dzina lake ndi Robson. Akuti mzere wonsewu ndi wa ife, wa pakona ndi wa ku Mangochi, winayo wa ku Chipata, a MaNgcobo aliyense akadziwika amamubweretsa kuno.

Ndinayamba kuseka. Iye sanaseke. Amvekere, "Achemwali, ife takhala kuno bwinobwino chifukwa sitiyankha. Mwatiyikira maso pamsana."

Mawu anafika pakhosi, ambiri, okonzeka kale.

Ndamuyankha m'Chizulu kuti yebo, bhuti. Ndatseka chitseko.