Mabuleki a Kumbuyo a Galimoto ya Bungwe

Msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya bungwe la akalipentala, Lachitatu pa 12 Malichi, m'shedi yosungira matabwa.

Analipo: Wapampando, Msungichuma, Mlembi, Makaniki (woitanidwa), ndi Mayi, akazi a dalaivala wathu.

Sanabwere: dalaivala wathu, a Pang'onopang'ono. Ali m'chipatala.

1. Kutsegula

Wapampando anati madokotala auza banja kuti palibenso chomwe angachite, ndipo wodwala atha kubwerera kwawo. Anati a Pang'onopang'ono apempha chinthu chimodzi: akatengedwe pa galimoto ya bungwe, yomwe akhala akuyendetsa chiigulireni. Galimotoyo ikukana kusuntha.

2. Lipoti la Makaniki

Makaniki anati injini ili bwino, koma matayala a kumbuyo agwira. Zitsulo za mabuleki zamatirirana ndi madilamu a m'kati mwa matayala chifukwa cha dzimbiri, masipuling'i awiri aduka, ndipo waya wa handibuleki wauma gwa. Dilamu ya kumanja inachoka ataimenya ndi hamala m'mawa wonse. Ya kumanzere yakanitsitsa.

Anafunsa amene anaitsuka galimotoyo, n'kukoka handibuleki ili yonyowa, n'kuifunditsa pulasitiki dzinja lonse. Anthu anayang'ana pansi. Mlembi akukumbutsa kuti inali komiti yonse, tsiku lomwe dalaivala anagonekedwa. Tinafuna kuti akadzachira adzaipeze ikuwala.

Msungichuma anati a Pang'onopang'ono sankakoka handibuleki galimoto ikaima masiku ambiri. Ankangotsamiritsa chipika kutayala, ndipo komiti inkawadzudzula kuti akutichititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Wapampando anati mfundoyo yamveka, tipitirire.

3. Chochita

Msungichuma anapempha kuti tibwereke galimoto ina lero lomwe, poti nthawi sili kumbali yathu. Ananena zimenezi mofatsa, zomwe si khalidwe lawo.

Mayi anayankha kuti anayesa kale kumuuza wodwalayo zimenezo. Anapempha kuti mawu a amuna awo alembedwe momwe analiri: "Ya eni ake ayi. Amathamanga anthu amenewo. Ndidikira yanga."

Anthu anaseka pang'ono.

Makaniki anati zipangizo za galimoto yakale chonchi sizipezekanso m'sitolo, koma akazisaka kogumula magalimoto. Anati itheka Loweruka. Wapampando anafunsa ngati singayende ndi mabuleki a kutsogolo okha. Makaniki anakana. Anati njira ya kuchipatala ndi yotsetsereka, ndipo munthu amene sanagundepo ngakhale nkhuku moyo wake wonse sangamunyamule pa galimoto yopanda mabuleki.

Komiti inagwirizana kuti ntchito iyambe lero, ndipo mamembala azisinthana pothandiza Makaniki kupala dzimbiri.

4. Zina ndi zina

Tili pa mfundo ya matiresi oyala kumbuyo, foni ya Mayi inalira. Anatuluka kukayankhira panja. Shedi yathu ilibe chitseko, choncho tonse tinamva.

A Pang'onopang'ono anali atatisiya. Ndi zowawa kulemba dzina la munthu pa osabwera, n'kuzindikira kuti silidzachokanso pamenepo.

Mayi atabwerera, Wapampando anafuna kutseka msonkhano. Mayi anakana kukhala pansi. Anayang'ana Makaniki n'kunena kuti: "Achimwene, mwati Loweruka?"

Makaniki anati inde, mwina Lachisanu.

"Musathamange," anatero Mayi. "Konzani bwinobwino. Anati adikira yawo."

Chigamulo cha mfundo 3 sichinasinthe, koma chinawonjezeredwa: mipando ya kumbuyo ichotsedwe, ndipo bokosi lipangidwe ndi mamembala eni ake. Msungichuma anapempha kuti opala matabwa akhale iwo.

5. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pambuyo pa maliro. Uno unatha cha m'ma folo koloko masana. Potuluka, Wapampando anatola chipika chija pakona ya shedi n'kukachitsamiritsa kutayala la kumanzere, lomwe silingagudubuke n'komwe. Palibe anawaletsa.

Wapampando: ______________

Mlembi: ______________