Muzindifunsa Dzina Lija

Johannesburg
Meyi 2025

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Maso aja akuti bwanji? Nanga chifuwa chija chinatha, poti chiperoni chayandikira? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Iwe Lines mng'ono wanga, powawerengera Bambo kalatayi usathamange ngati ukuthamangira minibasi pa Chitakale.

Ntchito ndikugwirabe, ija mumaiseka kuti ndi ulonda wokhala pampando. Timalondera makompyuta a mabanki ndi masitolo akuluakulu kuti mbava zisalowemo. Koma zinthu zatembenuka. Makampani amene timawalondera sakufunanso anthu ambiri. Akufuna makina oganiza okha, amene kuno akuti AI, poti iwo sagona, sadwala, sapemphanso tchuthi cha maliro. Kampani yathu yaing'ono ija yagulidwa ndi ina yaikulu yokhala ndi makinawo, ndipo anzanga ambiri awachotsa. Bryson wa ku Milonde, uja anandipezera malo, nayenso wapita. Zandiwawa mtima kwambiri. Ine andisiya kuti ndiziona ngati makinawo aonadi mbava kapena akungouwa mthunzi.

Choipa n'chakuti mbava nazonso zili ndi makina omwewo. Masiku ano sizivutika n'kuthyola. Zimatola mawu a bwana wa kampani, n'kuimba foni ndi mawu akewo, wantchito n'kuzitsegulira yekha.

Sabata yatha otiphunzitsa anafuna kutionetsa zimenezi. Anajambula mawu anga pang'ono chabe, kenaka kompyuta inayamba kuyankhula ngati ine, mpaka kaseko kanga komwe. Chichewa chake chinali chopindika, koma anati sichichedwa kuwongoka. Anzanga anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo, chifukwa ndinaganiza za inu. Chiyambireni maso kuchita mdima, ana anu mumatidziwa ndi mawu basi. Ndikangoti moni pafoni mumayamba kuseka ndisanatchule dzina. Tsiku lina angadzaimbe munthu ndi mawu angawa, akulira kuti ndili m'mavuto, mugulitse msanga munda wa nanazi uja Mayi anatisiyira. Ndikukudziwani, Bambo. Simungadikire kuti kuche kawiri.

Ndisachulutse gaga m'diwa, pempho langa ndi limodzi. Muli mlonda pa geti la esiteti ya tiyi paja simunkatsegula musanafunse, ngakhale galimoto mukuidziwa. Muzitero ndi ine. Mukukumbukira tsiku ndinasochera m'munda wa tiyi ndili kamwana, ndikukubweretserani chinangwa chophika? Munandipeza nditakhala pansi, chinangwa ndadya chonse, misozi ili mbwee. Pobwerera munandibereka kumsana n'kunditcha dzina lachilomwe, lija ndinakwiya nalo mpaka munalonjeza kuti simudzauza munthu. Lonjezolo mwalisunga zaka zonsezi. Silinalembedwe paliponse, silinatchulidwepo pafoni, ndiye palibe makina amene akulidziwa.

Aliyense woimba ndi mawu anga napempha kanthu, mumufunse dzina limenelo. Akazengereza, dulani foni, ngakhale alire chotani. Ndikudziwa kuti zidzakupwetekani kudulira foni mawu a mwana wanu, koma ameneyo sadzakhala ine. Iwe Lines, usawanyengerere kuti akuuze, khutu lakolo ndimalidziwa.

Kunena zoona, Bambo, dzina lija ndinkadana nalo kale. Kuno palibe amene amandidziwa chiyambire ubwana wanga, ndipo masiku ena ndimalitchula ndekha pokwera basi. Ndikadzabwera pa Khirisimasi mudzandiitane nalo pakhomo, ndidzayankha.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene a Ganizani ndi alamu anga, ndi kwa ana onse. Muzivala juzi ndinakutumizirani ija, musamaisungire kutchalitchi kokha.

Tsalani bwino ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Estele,
ndi dzina lina lija mukulidziwa inu nokha.