Kamphika ka Zikwa

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Mawondo aja anakusiyani, kapena munapita nawo?

Kuno ku Pembamoyo tilipo. Tamala, chitsiriza wanu, wachira mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Nshawa zabereka, chimanga chatinyoza. Za cholowa musadandaule, tinagawana bwino: munda anatenga achimwene, mbuzi amalume, ine nyamakazi yanu. Mawondo akutupa ngati maungu, ana a sukulu ndikuwaphunzitsa nditakhala pampando.

Sabata yatha kukiliniki, nesi wina wachitsikana anandiwerengera nkhani pa foni yake. Akuti ophunzira akunja akufufuza zikwa za mbozi zopota silika. Ukaziwiritsa zimatulutsa kaulimbo, ndipo akuona kuti kaulimboko kamachepetsa kutupa. Dzina lake la Chingerezi analitchula monyadira ngati ndi m'bale wake. Ine ndinaseka mpaka misozi, iye n'kumayesa ndakondwa.

Mukukumbukira kamphika kanu kakuda? Munkatola zikwa kuthengo, kuziwiritsa, madzi oterera aja n'kumapaka m'mawondo. Azimayi a kutchalitchi anati zikwa ndi za gule, zomanga ovina m'miyendo, mkhristu sazigwira. Ine, nditangochoka kukoleji satifiketi isanaume inki, ndinawonjezerapo kuti ndi umbuli. Kamphikako ndinakaswa ndi manja angawa kuseri kwa nkhokwe. Simunakalipe. Munangoti, "Mwana wa sukulu, bondo silimva Chingerezi." Zaka zanu zomaliza munkapita kuchimbudzi chokwawa, ife tikukupatsani timapilisi ndi mapemphero.

Sindikuti mukanachira. Nesiyo akuti kufufuza sikunathe, ndipo mwina mbozi zawozo si zathu zino. Koma inu munkati mukapaka mumamva kuzizira, ndipo kuzizirako ndinakulandani ndine. Azimayi aja dikirani, mankhwalawo akadzabwera m'kabotolo kolembedwa bwino, adzapaka akuimba aleluya.

Tsopano tamverani manyazi anga. Sindidziwa mtengo umene munkatolamo zikwazo, kaya munkawiritsa mpaka zitatani. Sindinafunsepo, poti wophunzira safunsa mbuli. Wodziwa watsala mmodzi, mng'ono wanu wa ku Mlolo, amayi aang'ono. Pa maliro anu ndinawapatsa dzanja, iwo n'kulowetsa lawo m'chitenje. Mpaka lero sanandilankhulepo. Akapita iwowo, nzeru yanu yapita yonse, ndipo wokumba dzenje lake ndikhala ine.

Loweruka mwamuna wa Tamala anditenga panjinga. Ndikagwada pakhomo pa amayi aang'onowo, mawondowa akalola kupindika. Akakana, ndikakhala pafumbi, miyendo yotupayi poyera, aione bwinobwino, aseke ngati akufuna. Sindikachokapo asananditchulire mtengowo, ndikulonjeza. Kamphika ndagula kale, sikakuda ngati kanu, koma kadzada.

Ndine mwana wanu wophunzira uja, wokukondani mochedwa,
Esnati