Zala Zinayi Pamwamba pa Mtsinje

Lolemba, 6 Okutobala

Kwatsala mamita awiri okha kuti mbali yathu ya mlatho ikumane ndi ya tsidya. Zaka zitatu tikukankhana ndi mtsinje umenewu. Lero ndinaima kunsonga, madzi ali kutali pansi, mpaka kumva fungo la ndudu za anzathu a uko. Manambala onse a mbali yathu ndayeza ndine, ndiye zikapanda kulingana palibenso wina womuloza chala. Woyeza wa uko ndi bambo wachikulire, timangowatchula Atsidya. Anandikwezera chipewa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mwana watentha thupi. Chipatala, mzere, mankhwala. Achemwali asiya malonda awo kudzakhala naye, osadandaula nkamodzi komwe, Mulungu awadalitse.

Kuntchito ndafika dzuwa lili paliwombo. Lamulo ndi loti tiziyeza lisanatuluke, koma ndinayezabe. Nsonga yathu yatsika ndi zala zinayi. Ndabwereza katatu, chimodzimodzi. Pepala ndapereka kwa bwana, koma pamalo polemba nthawi ndasiya posalemba. M'mawa iwo anali kumsonkhano, sindinafune adziwe kuti ndinachedwa.

Lachitatu, 8 Okutobala

M'mawa nkhungu, makina oyezera osaona kanthu, kuyezanso kwakanika. Ntchito yaima. Anthu mazana awiri angokhala pazitsulo, magalimoto a konkire abwezedwa. Bwana akuti ngati nzoona tiphwanya zigawo ziwiri, ndipo "wina alongedza." Sanandiyang'ane, koma ndamva.

Ndikudziwa kuti dzuwa likawotcha pamwamba mlatho umawerama, tinaphunzira. Koma mpaka zala zinayi? Nanga ndikanena tsopano ndiyambira pati? Ndili ndi mantha, komanso manyazi.

Masana Atsidya anawoloka pa boti kudzaona pepala lija. Anavala magalasi, chala chawo nkukaima pamalo osalembawo. Anandiyang'ana. Mumtima ndinangoti basi zanga zada. Koma iwo anatembenukira kwa bwana: "Musaphwanye kanthu. Mawa tiyezere limodzi ine ndi mayiwa, kusanatenthe."

Potuluka anandifunsa chapansipansi, "Kunyumba kuli bwino?" Ndinawauza za mwana. "Wanga woyamba anandichedwetsapo kangapo," anatero, nkukakwera boti lawo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Zalingana. Kusiyana kwake sikukwana ndi chikhadabo chomwe. Ndinangokhala pansi pa konkire wozizirayo. Atsidya akuseka: "Mlathowu uli ngati ine, mayi, masana msana umawerama."

Anandiuza kuti kwa bwana tingonena kuti makina anasokonezeka. Ndinawathokoza ndi mtima wonse, koma ndinakana. Zakwana kale zimene andichitira, asandinamirenso bodza. Ndinapita ndekha kukaulula kuti ndinachedwa nkuyeza masana. Bwana anakalipa mpaka tiyi wawo kuzizira. Kalata yochenjeza ndasayina. Ntchito ikadalipo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mwana wadya, wayambanso kulongolola. Achemwali akuti bola muja ankadwala.

Loweruka, 11 Okutobala

Tsiku lothira chigawo chomaliza. Tinayeza m'bandakucha, Atsidya uko ine kuno, pakati pathu pali thabwa ndi zitsulo zodikira konkire. Zonse zili m'malo mwake.

Chizolowezi cha pantchito pano nchakuti woyeza wamkulu ndiye amauza a pampu ya konkire kuti ayambe. Bwana anawoloka pathabwa paja nkupereka wailesi yolankhulirana kwa Atsidya. Iwo anangoitembenuzatembenuza ngati sanaionepo chibadwire.

"Maso anga akalamba, bwana. Manambalawa ndawerenga movutikira. Anene amene wawaona bwino."

Nkutambasula dzanja pamwamba pa mpata uja, kundipatsira ine. Ndinayang'ana bwana. Anavomera ndi mutu.

Anthu onse maso pa ine. Ndinadina batani, nkulisiya. Atsidya akuyang'ana kumadzi ngati sizikuwakhudza. Ndinadinanso.

"Thirani."