Mlombwa wanga wapsa

Loweruka madzulo. Lero ndapsa mtima tsiku lonse. Ndimafuna kung'amba pawiri thabwa la mlombwa lija ndinachoka nalo ku Dedza, la tebulo la ukwati wa mwana wanga Chisomo. Alamu anga, amene sanagwirepo ngakhale nyundo, anaumirira kuti pamakina ochekera ndiike lamba wowonda wa mano ang'onoang'ono. Akuti, "Alamu, mano ambiri ndiwo amadula mosalala." Poopa kuwanyoza ndinamvera, chonsecho ndikudziwa kuti thabwa lochindikala limafuna lamba wotambalala wa mano otalikirana, otaya utuchi. Lambayo anatsamwa n'kukhota, mugalaja utsi uli tolotolo. Thabwa latha ntchito. Iwo anangoti, "Eish, mtengowu ngolimba," n'kukakwera kombi yopita kwawo ku Block 3. Mawa akubwera kudzacheza. Lamba watsopano ndimuyesera pocheka mpando wapamtima umene amakhalapo akabwera kwathu.