Thanki Yoyendayenda

LACHITATU

Telala, 09:12
alamu kakatani kophimba chikwangwani kaja ndamaliza. muyeso ndi womwe uja eti?

Dalaivala, 09:15
womwewo alamu. ndidzatenga mawa pobweretsa thanki pamsika wanupo. mwambo ndi lachisanu 10 koloko

Telala, 09:16
ok. koma ndifunseko

Telala, 09:17
chaka chino a khonsolo ndawasokera makatani anayi. ku sukulu, ku depoti, ku bwalo la mpira, ndye kuno. konseko kutsekulira thanki ya madzi

Dalaivala, 09:18
chitukuko chimenecho. muziyamika

Telala, 09:19
ndikuyamika. koma ndimasunga zithunzi za ntchito yanga, dzulo ndimaonetsa customer

Telala, 09:19
[zithunzi 3]

Telala, 09:20
onani kumbuyo kwa bwana wodula riboniyo. thanki zitatu zonsezi zili ndi chipsera malo amodzimodzi, pansi pa chivundikiro. ndi mapasa?

Telala, 09:41
alamu?

Telala, 10:05
ma tick ndi a blue, ndikukuonani

Dalaivala, 10:31
[uthengawu wafufutidwa]

Telala, 10:31
mwachedwa ndawerenga kale. mwalemba kuti "mayo ine"

Dalaivala, 10:38
[mawu ojambula, 0:58]
Alamu, mumve kamodzi kenako mufufute, ndapota nanu. Papepala thanki zinagulidwa zisanu. Pansi pano ilipo imodzi, yomweyo ya chipserayo. Ine ndimaitula madzulo, aganyu amaikweza pansanja, kuseri amabisa chigubu chimodzi cha madzi ndi kapaipi. Bwana akatsegula mpope timadzi timatuluka, anthu m'manja phuphuphu, ojambula ajambula. Kukacha ndimabwera kudzaitenga, timati ikupita ku sevisi. Ine ndimangoyendetsa lole alamu, sindinalaweko ngakhale ya sopo. Kwatsala miyezi seveni ndipume pantchito. Musandithirire mchenga m'mbale.

Telala, 10:40
thanki kupita ku sevisi?? ili ndi injini?

Dalaivala, 10:40
anthu safunsa

Telala, 10:44
alamu chimbudzi cha msika uno chatsekedwa zaka ziwiri cz kulibe madzi. mukudziwa komwe anthu amadzithandizira? kuseri kwa shopu yanga. mwezi watha mkwatibwi anandibwezera diresi, akuti likumveka kafungo. ndinalira ine, misozi yeniyeni. ndye mukuti mundionetse thanki usana umodzi ngati filimu?

Dalaivala, 10:45
pepani. koma mwafufuta?

Telala wawonjezera Atcheya pagulu

Dalaivala, 10:52
alamu mwatani!!

Atcheya, 10:57
Mwadzuka bwanji bambo. Ndine wapampando wa komiti ya msika, ndimagulitsa masamba pafupi ndi geti. Mawu anu aja Telala wanditumizira, ndawamva kawiri. Muli ndi mawu abwino, mumaimba kwaya?

Dalaivala, 10:58
mayi si ine ameneyo. foni yanga amagwira anthu ambiri

Atcheya, 11:03
Musaope. Makalata khumi ndi imodzi ndalembera khonsolo, onse akuti ali patebulo pa bwana. Tebulo limenelo ndi lolimba. Ine funso langa ndi limodzi. Thanki ikakhala yopanda madzi amainyamula anthu angati?

Dalaivala, 11:04
anayi

Atcheya, 11:06
Nanga yodzadza?

Dalaivala, 11:07
aaa palibe. malita 5000 amenewo, ngakhale lole yanga ingagwade

Atcheya, 11:09
Zikomo bambo. Mulungu akudalitseni.

Dalaivala, 11:09
mwafunsiranji?

Dalaivala, 11:20
mayi mwafunsiranji

LACHINAYI

Dalaivala, 14:10
ndatula, kakatani ndatenga. kuyambira pano sindikudziwani, simukundidziwa

Telala, 14:11
yendani bwino bambo achilendo. moni kwa mkulu wake wa amuna anga, mukamuona

Atcheya, 14:30
Telala tseka shopu. Ndowa 250, amayi tilipo 43. Madzi tikutunga pa mjigo wa kutchalitchi, abusa avomera, ati bola tisaponde maluwa.

Telala, 14:32
nanga mlonda amene amusiya pathankiyo?

Atcheya, 14:35
Akazi ake amagulitsa anyezi pabenchi langa. Mlondayo ndi amene agwire makwerero.

Telala, 16:02
ndowa yachinayi. khosi langa lalowa m'mapewa. ine ndinaphunzira kusoka kuti ndisiye zimenezi

Atcheya, 16:09
Senza mwanawe. Wokonza mapaipi wachotsa kale chigubu chawo chija, walumikiza mpope ku thanki yeniyeni. Chigubucho ndasunga, ndi katundu wa boma.

Dalaivala, 16:15
sindikuwerenga mauthenga amenewa

Telala, 17:48
[chithunzi]
yadzadza mpaka kusefukira!! mlonda wanyowa ngati nkhuku, koma akuseka

Dalaivala, 17:50
Ambuye ndichitireni chifundo

LACHISANU

Telala, 10:50
alamu mulipo? bwana sanafike, ife tapsa ndi dzuwa

Dalaivala, 10:52
ndabisala mu lole kuseri kwa butchala. muzindiuza

Telala, 11:34
wafika. galimoto zisanu ndi imodzi kudzatsegula mpope umodzi

Telala, 12:20
akulankhulabe. wathokoza aliyense kupatula amene anapanga thanki

Telala, 12:26
kakatani katseguka bwinobwino, mwaona ntchito ya manja anga. pano akupita pampope

Telala, 12:28
kkkkkkkkk alamu ndafa ine

Dalaivala, 12:28
chachitika nchani

Dalaivala, 12:29
alamu!

Telala, 12:33
[mawu ojambula, 0:47]
Alamu, dikirani ndipume. Bwana uja anazolowera timadzi ta chigubu, ndiye wangopotokola mpope wonse mpaka kumapeto, nkhope ili ku kamera. Madzi kuti phwaa! Suti, tayi, nsapato, mpaka pepala la sipichi. Walumpha ngati waponda moto, ndiye maiki ili pakamwa, msika wonse wamva akufunsa womuthandiza wake kuti, "Iwe, madziwa achokera kuti?" Amayi nthungululu! Ine ndakhala pansi ndi kuseka.

Atcheya, 12:51
Atadzipukuta ananena kuti thanki iyi ndi yathu mpaka muyaya. Ndinati bwana makutu anga ndi okalamba, bwerezani. Anabwereza. Mafoni makumi atatu ajambula.

Dalaivala, 12:53
mawu amenewo amanena paliponse. mawa 7 koloko andiuza ndidzaitenge

Atcheya, 12:55
Mudzatipeza.

LOWERUKA

Dalaivala, 07:20
alamu uzani amayiwa asunthe, ndikufuna kubwerera m'mbuyo ndi lole

Telala, 07:21
ndani uyu? simunati sitikudziwana?

Dalaivala, 07:44
aganyu ayesa kuikankha. mmodzi wagwira msana, akuti ndimulipire chipatala. ndaimbira bwana, akuti titsegule mpope madzi onse atayike

Atcheya, 07:47
Tsegulani bambo. Ndi ntchito yanu, sitikuletsani.

Dalaivala, 09:15
ola ndi theka mpope uli chitsegulire. ndakwera kukasuzumira, madzi ali pomwe anali

Dalaivala, 09:16
mayi a tcheya, amayi anuwa akutchera ndowa pampope nkukathiranso pamwamba

Atcheya, 09:20
Madzi satayidwa bambo. Bwana ananena yekha dzulo kuti tiziwasamala.

Dalaivala, 09:22
ndye mpaka kuimba nyimbo?

Telala, 09:40
waganyu wa msana uja wachira. ndi amene akulandira ndowa pamakwerero kkkk

Dalaivala, 10:58
basi ndabwerera wopanda kanthu

Dalaivala, 11:36
bwana wandiitanira kunyumba kwake. akuti amene anaulula ndi ine, palibenso wina. lolemba thanki ikapezeke ku kachipatala ka kutsidya, kuli mwambo wachisanu. apo ayi ndisiye makiyi patebulo ndipo za penshoni ndiiwale

Telala, 11:38
akungokuopsezani

Telala, 11:52
alamu?

Telala, 13:10
[kuimba kosayankhidwa]

Telala, 15:27
alamu yankhani pls. sindinaganize kuti zifika pamenepa

LAMULUNGU

Telala, 08:05
mwadzuka bwanji alamu

Telala, 12:40
kutchalitchi sindinakuoneni. amuna anga, ang'ono anuwo, sakundilankhula, chakudya adyera panja. akuti sukulu anawaphunzitsa ndinu ndi lole yomweyo, ine ndabweza ndi chipongwe

Telala, 12:58
mayi a tcheya, mwina tingowasiyira thankiyo. fungo ndinalizolowera kale ine. munthu zaka 29 pantchito atuluke chimanjamanja chifukwa cha pakamwa panga?

Atcheya, 13:20
[mawu ojambula, 0:39]
Mwanawe, chisoni ndili nacho, usandione ngati mwala. Koma dzulo chimbudzi chatsegulidwa, ndakolopamo ndekha ndi manja angawa. Mayi uja wa makala, wa mimba uja, walowamo m'malo mothamangira kuseri kwa shopu yako. Ndikamuuze kuti abwerere kuseriko? Thankiyo si yako, si yanga, sitingaipereke ngati mchere wobwereka. Bambo dalaivala, ngati mukumva, akakuchotsani tidzapita tonse makumi anayi ndi atatu kukakhala pakhomo pa bwana wanuyo. Ndi ndowa zathu.

Telala, 13:24
amva. ma tick a blue

Telala, 17:45
alamu ngakhale kungonditukwana, bola muyankhe

LOLEMBA

Telala, 07:02
lole sinabwere

Telala, 09:30
mpaka pano zii

Atcheya, 09:41
Amayi ali chire ndi ndowa. Soka zovala za anthu, usadye zala.

Telala, 11:15
ndasoka thumba la malaya mozondoka. alamu muli kuti

Dalaivala, 14:06
[mawu ojambula, 1:21]
Alamu, ndili moyo. Dzulo ndinakhala pansi ndi mlamu wanu, mayi a kunyumba, anandifunsa kuti, kodi ukapuma pantchito, ana ukadzawauza kuti unkanyamula chiyani? Ndiye m'mawa ndalowa mu ofesi, chipewa m'manja, ndati bwana, thanki ndikatenga, ngakhale ndi apolisi. Koma poti munaipereka kwa anthu pamaso pa makamera, mundilembere kakalata kakuti ndikaichotse, musaine, mudinde chidindo. Bwana anayang'ana kudenga. Akuti pita kwa wachiwiri wanga. Wachiwiri akuti zimenezo ndi za osunga katundu. Wosunga katundu atangomva, anathamangira kuchimbudzi, mpaka pano sanatuluke. Ofesi yonse ija, alamu, anthu ovala mataye, lero palibe amene ali ndi cholembera.

Telala, 14:08
alamu inuuu 😭😭

Telala, 14:08
nanga ntchito?

Dalaivala, 14:11
kuti andichotse akuyenera kulemba chifukwa chake. cholembera chomwecho chasowa. penshoni ilipo

Dalaivala, 14:12
koma makiyi alanda. akuti miyezi seveni yatsalayi ndikhale pageti, ndizitsegulira magalimoto. andipatsa kampando ndi chipewa chachikulu kuposa mutu

Telala, 14:13
pepani alamu. zoona pepani. chipewacho bweretsani ndichibweze chikukwaneni

Dalaivala, 14:17
musadandaule. ndadutsa pamsika wanupo masana, wapansi. ndinaima patali kuiyang'ana. zaka 29 ndikutula katundu wa boma, aka nkoyamba kubwerera pamalo nkupeza chinthu chili pomwe ndinachisiya

Atcheya, 14:25
Mukanabwera pafupi mukanasamba m'manja. Nanga mwambo wa kuchipatala?

Dalaivala, 14:26
aimitsa. akuti chifukwa cha nyengo

Telala, 14:26
dzuwa lonseli?

Atcheya, 14:40
Chabwino. Ndalankhula ndi amayi a ku sukulu, a ku depoti, a ku bwalo la mpira ndi anamwino a kutsidya. Lachinayi kuli msonkhano wa khonsolo. Tikupita ndi zithunzi za Telala kukafunsa ngati thanki zawo zatuluka ku sevisi. Ifenso tikufuna paipi, makosi atha. Chigubu chawo tikawabwezera pamaso pa anthu.

Telala, 14:42
satilola kulowa amenewo. chaka chatha tinathera panja, anati bwana ali mu meeting, geti anakhoma ndi loko

Atcheya, 14:44
Ndiye tidzaima panja mpaka atione.

Dalaivala, 14:51
mudzabwere 9 koloko

Dalaivala, 14:51
pageti pali ine